Kodi Cingwe Coyanikira Zobvala Calakwa Ciani?

Acinyamata anzanga, pali manyazi ena acilendo amene alowa pakati pathu mwakacetecete, ndipo ndi bwino kuti tiwachule dzina asanatidyere ndalama. Ndi manyazi a cingwe. Ndikunena cingwe cija cocokera pa mtengo wa mango kufika pa nsanamira ya khonde, pamene amai anu amayanika mabulangeti ndi mayunifomu pa Ciweru. Ena mwa ife tayamba kuciona ngati cizindikiro ca umphawi. Tikamva kuti kukubwera alendo, tithamangira kukaanula zonse kuti pabwalo paoneke ngati ku mayadi. Tikapenya mafilimu a ku America pa foni, tiona munthu akutulutsa zobvala m'makina ocapira, naziponya m'makina ena ali pambali pake, ndi kupita kukamwa tiyi. Pobwera apeza zonse zauma. Pamenepo mtima uti, "Ine ndikadzangoyamba nchito, cimeneci ndico ndidzayambire kugula."

Ine ndikuti musagule. Ndipo inu amene kwanu makinawo alipo kale, kaya ndi ku Kabulonga, kaya ndi ku Leeds kumene munatsata amai anu a unesi, ndikuti azimitseni, mukafune waya ndi zopanira zobvala.

Musandimve molakwa. Sindine mdani wa makina. Ali yense amene anacapapo bulangeti la ambuya pa mwala, kapena amene anatungapo zigubu zinai pa mpope wa m'komboni dzuwa lisanatuluke, adziwa kuti kucapa ndi nchito yothyola msana. Mphunzitsi wina wa za umoyo wa ku Sweden, Hans Rosling, anakamba nkhani yochuka mu 2010 yosonyeza kuti makina ocapira anamasula manja a azimai ambiri, kuphatikizapo amai ake omubala, kotero kuti anapeza nthawi yowerenga mabuku. Zimenezo ndizibvomera. Firiji nayo ndiibvomera, cifukwa isunga ndiwo ndi mankhwala. Koma makina oumitsa zobvala, amene m'masitolo awachula kuti dryer, ali m'gulu lina. Tatsegulani muone cimene ciri mkati mwake. Muli waya wotentha wonga wa pa sitovu, muli kafani kopemerera mpweya wotenthawo, ndipo muli mgolo wozungulira kuti zobvala zizigubuduzika. Basi, kwatha. Kutentha ndi mphepo. Tsono tulukani panja mwezi wa Seputembala nthawi ya 10 koloko m'mawa, muime pabwalo, mundiuze cimene cikusowa pamenepo.

Tiyeni tiwerengere, popeza ambiri a inu masamu muwadziwa kuposa ine. Cinthu ciri conse cogwira nchito mwa kutentha cimadya magetsi koopsa: sitovu, giza, ketulo, nsimbi. Makina oumitsa wamba amakoka mawati 2,000 kapena kuposa, ndipo amayenda ola lathunthu, mwina awiri. Mtolo umodzi wa zobvala umatha maunitsi apakati pa 3 ndi 5. Titenge 4. Babu lamakono la mawati 10 lingayake maola 400 ndi maunitsi 4 omwewo. Ngati mng'ono wanu amene akukonzekera mayeso awerenga maola 4 madzulo ali onse, ndiye kuti mtolo umodzi wa majini ndi mataulo wamudyera kuwala kwa masiku 100, temu yonse ya sukulu ndi masiku ena pamwamba. Banja loumitsa katatu pa sabata limataya maunitsi oposa 600 pa caka. Alipo makina ena atsopano amene amadya pafupifupi theka la zimenezi, koma mtengo wake m'sitolo ndi wokwera kwambiri, ndipo thekalo mulilipirabe pa nchito imene dzuwa likanakugwirirani kwaulere.

Nanga maunitsi amenewa acokera kuti? Kale funso limeneli likanafuna kufotokoza kwambiri, koma caka ca 2024 cinatiphunzitsa tonse popanda kalasi. Magetsi ambiri a dziko lino, pafupifupi magawo 80 pa 100, amapangidwa ndi madzi: ku Kariba, ku Kafue Gorge, ku Itezhi-Tezhi, ku Victoria Falls. Mvula ikakana, magetsi akana. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse, cimanga ca pa mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi citapserera m'minda. M'mwezi wa Malichi ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola 8 pa tsiku. Pofika Seputembala anali maola 17, ndipo m'malo ambiri anthu anali kuona malaiti maola atatu cabe, nthawi zina pakati pa usiku. Ku Kariba, mbali ya kwathu kuli makina 6 opangira magetsi, koma panafika nthawi pamene amodzi okha ndiwo anali kuzungulira. Mukumbuka zimene zinacitika. Wometa tsitsi anakhala pakhomo pa saluni yake manja ali m'thumba. Woocerera zitsulo ku Kalingalinga anayamba kugwira nchito 2 koloko usiku. Amai ogulitsa nkhuku ndi nsomba za m'firiji anataya mpamba wao. Cigayo cinaima. Ndipo zimenezi sizinayambe mu 2024. Zinacitikanso mu 2015 ndi mu 2019.

Tisaiwalenso kuti magetsi a ku Kariba analipiridwa kale ndi anthu ena mtengo umene suli pa lisiti la munthu ali yense. Pomanga damu lija, limene linatha mu 1959, Atonga a m'cigwa ca Gwembe okwana pafupifupi 57,000, a mbali zonse ziwiri za Zambezi, anasamutsidwa, kusiya minda yao ndi manda a makolo ao pansi pa madzi. Cinthu cimene cinabwera ndi misozi yotere siciyenera kuseweretsedwa poumitsa sokosi pamene kunja kuli ngwee.

Apa ndidziwa kuti wina wa inu, makamaka uja amene sasowa yankho pa msonkhano wa acinyamata, wakweza kale dzanja. Akuti, "Makina oumitsa ndi angati m'Zambia muno? Kodi ndiwo anaphwetsa Kariba? Si migodi imene imadya magetsi ambiri?" Wanena zoona. Migodi yokha imatenga pafupifupi theka la magetsi a dziko lino, ndipo nyumba zokhala ndi makina oumitsa ndi zocepa. Kukanakhala kuti ndikulembera anthu a zaka 70, sindikanataya inki. Koma ndikulembera inu. Kalembera wa 2022 anapeza kuti tiripo oposa mamiliyoni 19, ndipo ambiri mwa ife ndi acinyamata ndi ana. Nyumba zimene zidzamangidwa m'zaka 20 zikubwerazi ndi zanu. Zimene muzilakalaka lero muli pa benchi ya kumbuyo m'chalichi, ndizo zimene zidzakhala m'nyumbazo. Pakali pano pafupifupi theka la anthu a dziko lino sanalumikizidwe n'komwe ku magetsi, ndipo kumidzi ndiye osanena. Alipo ana ku Chama, ku Lundazi, ku Nyimba, amene akuwerengabe ndi koloboyi kapena kathochi ka pa foni. Magetsi amene tiri nao satikwanira ngakhale ife ocepa amene tinalumikizidwa. Tsono ngati wina ali yense womaliza koleji aika m'mutu mwake kuti nyumba ya munthu wophunzira iyenera kukhala ndi makina otenthetsa mpweya, kodi mng'ono wanu wa kumudzi adzafikiridwa liti?

Cimene cimandidabwitsa kwambiri ndi ici: anthu amene tikuwatsanzirawo, ena a iwo akulimbana kuti abwerere ku cingwe. Tamverani mbiri yake. Makina oumitsa a m'nyumba anayamba kugulitsidwa ku America cakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo anafala itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, pamene makampani a magetsi ndi a zipangizo anali kunyengerera mabanja kuti agule ciri conse columikiza ku khoma. Lero nyumba pafupifupi 8 mwa 10 ziri zonse kumeneko ziri nao. Zitafika pamenepo, cingwe cinasanduka conyansa. Ku America malo ambiri okhalamo ali ndi mabungwe a eni nyumba, amene amaika malamulo a maonekedwe a pabwalo. Mabungwe ambiri otere analetsa kuyanika zobvala panja. Cifukwa cake? Akuti zobvala zolendewera zimaonetsa ngati pamalopo pakhala amphawi, ndipo mtengo wa nyumba zoyandikana ungatsike. Munthu wagula nyumba ndi ndalama zake, dzuwa likuwala pabwalo pake, koma akayanika shiti ya pabedi alandira kalata yomucenjeza, akapitiriza alipira faindi.

Anthu anatopa nazo. Mnyamata wina wa pa koleji, Alexander Lee, anayambitsa bungwe lochedwa Project Laundry List m'zaka za m'ma 1990, lolimbikitsa anthu kuyanika panja. Nkhani inafika mpaka ku nyumba za malamulo. Boma la Florida linali nalo kale lamulo loteteza cingwe. La Colorado linatsatira mu 2008. Hawaii, Maine ndi Vermont mu 2009. Maryland mu 2010. California mu 2015. Ku Canada, cigawo ca Ontario cinathetsa ziletso zotere mu 2008. Taganizani bwino. Aphungu obvala masuti, a m'dziko lolemera kuposa onse, kukhala pansi masiku ndithu, kukangana ndi kuponya voti, kuti munthu aloledwe kucita cimene ambuya anu a ku Katete amacita tsiku ndi tsiku osapempha cilolezo kwa munthu. Ife tiri nao kale ufulu umenewo, ndipo tifuna kuugulitsa kuti tigule msampha umene anzathu akuyesa kuonjokamo. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Ndipo si dziko liri lonse lolemera limene linagwa m'manyazi amenewa. Ku Japan, kumene amapanga magalimoto amene adzaza miseu ya Lusaka, mabanja ambiri amayanika pa khonde, ndipo olengeza za nyengo amauza anthu ngati tsikulo ndi labwino kuyanika. Ku Naples, m'dziko la Italy, zingwe zimadutsa pamwamba pa tinjira kucokera nyumba ina kufika ina, ndipo alendo amalipira ndege kuti akazijambule. Ku Australia, coyanikira cozungulira cochedwa Hills Hoist, cimene Lance Hill anayamba kupanga ku Adelaide mu 1945, acinyadira kotero kuti anacionetsa pa mwambo wotsekera masewera a Olympics ku Sydney mu 2000. Anthu amenewa si amphawi. Anangokana kuuzidwa ndi wogulitsa kuti dzuwa ndi la anthu osauka.

Nyerere za mu mkuyu uja ziripo zinanso. Amene anagwiritsapo makinawa adziwa kuti pakhomo pake pali kasefa kamene kamadzala ndi tiulusi tonga thonje nthawi iri yonse mukaumitsa. Kodi muyesa tiulusi timeneto ticokera kuti? Ndi malaya anu amene akunyenyeka pang'onopang'ono. Kutentha ndi kugubuduza kumapereputsa nsalu, kumapha mphira wa m'ciuno, kumafupikitsa juzi. Inu amene munasankha jini yanu pa salaula ku Soweto Market kwa ola lathunthu, mukufuna kuti ithe msanga? Tiulusi tomweto tikaunjikana pafupi ndi waya wotentha timagwira moto. Bungwe la boma la America loona za moto linawerengera kuti m'zaka za 2008 mpaka 2010 nyumba pafupifupi 2,900 pa caka zinali kugwira moto woyambira m'makina oumitsa, ndipo coyambitsa cacikulu cinali kusayeretsa. Ku London, mu Ogasiti 2016, nyumba yosanja ya ku Shepherd's Bush inayaka moto woyambira m'makina otere, mabanja nathawa. Mu 2019 kampani ya Whirlpool inaitanitsa makina mazana a zikwi ku Britain kuti abwezedwe cifukwa ca ngozi yomweyo. Za cingwe coocha nyumba sindinamvepo.

Tsono tibwere ku funso lolemera, limene sindifuna kulilumpha. Wina adzati, "Amene anaononga nyengo ya dziko lapansi ndi maiko olemera. Africa yonse pamodzi imatulutsa magawo pafupifupi 4 cabe pa 100 a mpweya wotenthetsa dziko. Iwo anadya, akhuta, tsopano akutiuza ife kuti tisale? Nafenso tilaweko." Mkwiyo umenewu ndiumva, ndipo uli ndi cifukwa. Mlimi wa ku Monze amene cimanga cake cinapsa mu 2024 sanakwerepo ndege. Maiko olemera ali ndi ngongole kwa iye, ndipo atsogoleri athu ayenera kupitiriza kuilonjerera pa misonkhano ya maiko. Koma taonani kumene mkwiyowo ukutitengera. Kariba ikaphwa, magetsi otsala acokera ku malasha a pansi a ku Maamba, ku magetsi ogula kunja ndi madola, ndi ku majenereta a dizilo amene amalira usiku wonse kuseri kwa masitolo. Amene alibe jenereta abwerera ku mbaula, ndipo mitengo ya ku Nyimba ndi Mumbwa ibwera m'tauni iri m'masaka pa njinga ndi pa malole. Utsi umenewo supita ku America. Uli m'cifuwa ca mwana wa mlongo wanu. Nkhalango imene yatha si ya ku Germany. Kuononga magetsi athu ocepa kuti tibwezere azungu kuli ngati kuocha nkhokwe yako cifukwa mnansi anakubera nkhuku.

Komanso pali kusiyana pakati pa kumanidwa cinthu cabwino ndi kukana cinthu copanda pake. Munthu akakuuzani kuti Zambia isakhale ndi zipatala zokhala ndi magetsi, kapena mafakitale, kapena mapampu othirira minda, mutsutseni kolimba, ine ndidzakhala kumbuyo kwanu. Koma makina oumitsa anapangidwira maiko a cipale cofewa, kumene miyezi ina dzuwa limalowa 4 koloko masana ndipo shati yonyowa ikaikidwa panja imauma gwa ngati thabwa ndi cisanu. Kwathu kuno, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mvula sigwa. Kugula makina amenewa ku Chipata kuli ngati kugula bwato lopitira ku msika wa Kapata. Pa misonkhano yathu timakonda kukumbutsana kuti nchito yoyamba imene munthu anapatsidwa m'buku la Genesis inali yosamalira munda, ndipo pa cifukwa cimeneco magulu ambiri a acinyamata amabzala mitengo pa chalichi. Nzabwino zimenezo. Koma kubzala mtengo pa Ciweru ndi kulota makina odya maunitsi 600 pa Sondo, ziwirizi siziyendera pamodzi.

Cina coseketsa naci. Kuyambira 2024 ali yense amene ali ndi kangacepe akuika sola pa denga, ndipo dziko nalo likumanga minda ya sola: wa Bangweulu ku Lusaka wa mamegawati 54 unatsegulidwa mu 2019, wa ku Chisamba wa mamegawati 100 mu 2025. Tsono onani ulendo wa dzuwa m'nyumba ya munthu wotsogola uja. Dzuwa ligwa pa galasi la sola, ndipo gawo limodzi lokha mwa magawo asanu ndilo lisanduka magetsi. Magetsiwo alowa m'batire, pena atayika. Acoka m'batire alowa mu invata, pena atayikanso. Kenaka apita ku waya wa m'makina kuti asandukenso kutentha, kuti aumitse shati. Shati yomweyo ikanapacikidwa mamita atatu kucokera pa galasi la sola lija, bwenzi itauma kale, ndipo dzuwa likanaphanso tizirombo tina ndi kuyeretsa matewera a mwana. Invata yokwanitsa kunyamula makina otere si ya ndalama zocepa. Munthu alipira zikwi za makwaca kuti dzuwa lizungulire njira yaitali polowa m'nyumba mwake.

Sindikunena kuti cingwe ciribe mabvuto ake. Ndikanama mungandigwire, popeza nonse mumayanika. Mvula ya Januwale iripo, koma kawirikawiri imabwera masana. Wocapa m'mamawa amaanula isanagwe, ndipo masiku a mvumbi waya waciwiri wa pansi pa khonde kapena m'cipinda cotsegula mawindo umagwira nchito. Fumbi la Ogasiti liripo. Yanikani kuseri kwa nyumba, kutali ndi mseu, ndipo musasiye zobvala tsiku lonse zitauma kale. Dzuwa limasuwitsa mtundu wa nsalu. Tembenuzani citenje ndi yunifomu ya kwaya kunja kukhale mkati. Akuba alipo, ndipo amene anataya jini yatsopano pa waya adziwa kuwawa kwake. Mankhwala ake ndi akale lomwe, kugwirizana ndi anansi kuti wina akacoka wina aponye diso. Zobvala zamkati, mwambo wathu sulola kuzionetsa pa bwalo pamene apongozi angadutse. Ziyanikeni kuseri, kapena muphimbe ndi kansalu kopyapyala, koma ziume ndithu, cifukwa kabudula wamkati woumira pansi pa matiresi ndiye gwero la zipere ndi kuyabwa.

Bvuto lenileni, limene ogulitsa makina angalichule ndipo osanama, ndi nchenche ija imene imaika mphutsi pakhungu. Ambiri munaonapo mwana ali ndi cithupsa cokhala ndi kabowo pakati, ndipo mkati muli kamphutsi kamoyo. Nchenche imeneyi imaikira mazira ake pa dothi la mumthunzi, makamaka pamene pali mkodzo kapena zonyansa, ndiponso pa zobvala zonyowa zimene zayanikidwa pansi kapena pamthunzi. Mazira akaswa, timphutsi timaboola khungu la wobvala ndi kukuliramo kwa sabata imodzi kapena kuposerapo. Ndi zoona kuti kutentha kwa makina kumapha mazirawo. Koma njira yozipewera makolo athu aidziwa bwino. Musayanike pa udzu, pa mpanda wa maluwa, kapena pa mcenga. Yanikani pamwamba, pa waya, padzuwa lenileni, cifukwa nchencheyi imakonda mthunzi. Ndipo sitani zobvala, makamaka za ana ndi zamkati, mbali zonse ziwiri, kulimbikira m'misoko ndi m'ciuno. Kusita mumasita kale. Palibe amene amapita ku chalichi ndi shati yamakwinya. Nsimbi, kaya ya magetsi kaya ya makala, imatha nkhani ya mphutsi m'mphindi zocepa.

Kwa inu amene magazini ino imakupezani ku Britain, kumene abale athu ambiri anapita kukagwira nchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, sindikuuzani kuti mupacike bulangeti panja mu Disembala. Kumeneko kuli cinyontho, mafulati ambiri alibe bwalo, ndipo kuumitsa zobvala m'cipinda cotseka kumabweretsa nkhungu pa zipupa, imene iri yoipa kwa ana ndi kwa odwala mphumu. Mai wa ana atatu amene wacoka ku nchito ya usiku mu Januwale, akayatsa makina, ine sindimuweruza. Koma caka ciri ndi miyezi 12. Kuyambira Epulo mpaka Seputembala masiku kumeneko ndi atali, ndipo anansi anu Angelezi okalamba amayanika kuseri kwa nyumba zao popanda manyazi. Inu amene munakulira ku Matero ndi ku Chilenje, mwaiwala bwanji msanga cotere? Mitengo ya magetsi inakwera koopsa ku Britain mu 2022, ndipo munadandaula nokha pa foni. Mapaundi amene mungapulumutse pa cirimwe cimodzi angagulire mphwanu mabuku kuno. Ndipo pobwera ku chuti, conde musatibweretsere nkhani zakuti "kuno mukali kuyanika panja?" ngati kuti mwapeza anthu obvala nyanda. Mau otere ndiwo amabzala manyazi aja m'mitima ya ang'ono anu.

Tsopano anyamata, bwerani pafupi, pali mau anu. Atsikana ambiri amene amalota makina oumitsa sikuti amadana ndi dzuwa. Atopa. Amacapa okha, amayanika okha, mitambo ikada amathamanga okha kukaanula, pamene mlongo wao wamwamuna wakhala pa sofa akupenya mpira wa Arsenal, ndipo zobvala zimene zikubvumbwazo theka ndi zake. Mtsikana wotere akanena kuti, "Ine m'nyumba mwanga ndidzagula makina," akunena za inu. Simungaimirire pa msonkhano ndi kukamba zosamalira cilengedwe pamene cilengedweco mukucisamalira ndi msana wa mlongo wanu. Kuyanika beseni lodzala kumatenga mphindi 10. Palibe mwamuna amene anacepa cifukwa cogwira zopanira. Ku sukulu zogonera komweko anyamata amacapa ndi kuyanika okha, ndipo asilikali nao amatero. Ndi pakhomo pa amai pokha pamene manja amafa mwadzidzidzi. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje, ndipo mnyamata woopa kuti anzake amuona atanyamula beseni adzafika zaka 30 osadziwa kuti shati imapacikidwa ndi kumunsi, osati ndi mapewa.

Alongo athu nanu, ikafika nthawi ya kicheni pati, anacimbusa ndi anzanu a kunchito adzakufunsani zimene mufuna. Lembani sitovu ya gasi, lembani firiji, lembani makina osokera amene angakubweretsereni ndalama, lembani ngakhale makina ocapira ngati madzi kwanuko sabvuta. Wina akati asonkhe za makina oumitsa kuti anthu aone kuti mwakwatiwa bwino, muuzeni kuti ndalamazo agule thanki ya madzi. Ndipo inu amene mwayamba kumanga pa kapuloti kanu ku Chalala kapena ku Chongwe, musathire simenti bwalo lonse ndi kuiwala malo oyanikira. Uzani womanga asiye mpata kumbali kumene dzuwa la m'mawa limafika, kutali ndi cimbudzi ndi dzenje la zinyalala, aimike mapaipi awiri acitsulo m'konkire, otalika kotero kuti shiti ya pabedi isakhudze pansi. Eni mafulati obwereketsa amene ayamba kuuza okhalamo kuti asayanike pa khonde cifukwa ciipitsa maonekedwe, afunseni musanalipire lendi kuti malo oyanikira ali kuti. Akati palibe, afunseninso kuti maunitsi a makinawo adzagula ndani, ndipo tsiku limene malaiti adzapita maola 17 yunifomu ya mwana idzaumira pati.